Mbiri ya chiphaso cha CPA ku Amereka, ndi amene adatsala kunja kwa mpanda

Ku Amereka munthu sangangodzuka m'mawa n'kuyamba kulemba zilembo za CPA kumapeto kwa dzina lake. Akatero ndi mlandu. Zilembozi zikuimira mawu a Chingerezi akuti Certified Public Accountant, kutanthauza akauntanti amene boma lamupatsa chiphaso choti atha kufufuza mabuku a ndalama a kampani, n'kusainira kuti zimene zalembedwamo anthu angazikhulupirire. Kuti munthu apeze chiphasochi pamafunika zinthu zitatu: maphunziro a ku koleji, mayeso, komanso nthawi yogwira ntchito pansi pa munthu wina amene ali nacho kale chiphasocho. Mukawerenga timabuku tolangiza achinyamata za ntchito, zinthu zitatuzi zimalembedwa ngati zidatsika m'phiri pamodzi ndi Mose. Komatu chilichonse chidabwera pa nthawi yakeyake, ndipo padali anthu amene adachimenyera nkhondo pa zifukwa zawo. Chimene ndikufuna tione lero, anzanga owerenga, n'chakuti pa zitatuzi, chija chooneka chosalakwa kwambiri, chogwira ntchito pansi pa wina, ndi chimene chidatsekera anthu ambiri kunja.

Tiyambe ndi funso loti chiphaso n'chachiyani. Mwini golosale amene amagulitsa yekha ndi kuwerenga yekha ndalama zake madzulo safuna munthu womusainira. Akadzinamiza, wadzinamiza yekha. Vuto limayamba pamene eni ndalama ali kwina, oyendetsa bizinesi alinso kwina. M'zaka za m'ma 1800 makampani a njanji adakula kwambiri moti eni ake adali anthu zikwizikwi ogula masheya, ambiri mwa iwo osaionapo njanjiyo ndi maso awo. Chimene ankalandira ndi pepala lochokera kwa mabwana a kampani lonena kuti chaka chino tapindula mwakuti. Nanga akadziwa bwanji kuti pepalalo likunena zoona? Padafunika munthu wapadera, wosalembedwa ntchito mkati mwa kampaniyo, woti alowe m'mabuku m'malo mwa eni ndalama.

Ntchitoyi idakhazikika koyamba ku Scotland. Mu 1854 bungwe la ma akauntanti a mumzinda wa Edinburgh lidalandira chikalata cha ufumu cholivomereza, ndipo a ku Glasgow adalandira chawo chaka chotsatira. A ku England ndi Wales adapanga bungwe lawo limodzi mu 1880. Kumeneko ndi kumene kudachokera dzina loti chartered accountant. Chofunika kuchigwira apa n'chakuti ku Britain bungwe la eni ntchito ndi limene linkayesa anthu ndi kuwapatsa dzinalo. Kuno kwathu tidatengera kwambiri njira ya Angereziyi, n'chifukwa chake ana athu akamakamba za ntchitoyi mumamva za ACCA ndi ICAM.

Ndalama za Angerezi zitayamba kuwoloka nyanja kukagula njanji ndi mafakitale ofulula mowa ku Amereka, ma akauntanti awo adazitsatira pambuyo. Kampani ya Price Waterhouse ya ku London idatsegula ofesi ku New York mu 1890. Alendowa ankabwera ndi zilembo kumapeto kwa maina awo, pamene eni dziko adalibe chilichonse choonetsa. Aliyense wodziwa kuwonkhetsa ankatha kukhoma chikwangwani pakhomo n'kudzitcha akauntanti. Bungwe la American Association of Public Accountants lidapangidwa mu 1887, koma lidali laling'ono ndipo lidalibe mphamvu yoletsa wina aliyense.

Tsono Aamereka adasankha njira ina, yodzera ku nyumba ya malamulo. Pa 17 Epulo 1896 bwanamkubwa wa chigawo cha New York, Levi Morton, adasainira lamulo loyamba lokhazikitsa dzina la Certified Public Accountant. Mayeso adawaika m'manja mwa bungwe loyang'anira maphunziro m'chigawocho. Wofuna chiphaso adayenera kukhala woposa zaka 21, wamakhalidwe abwino, wokhala kapena wogwira ntchito mu New York, ndiponso nzika ya Amereka kapena munthu amene walengeza kuti akufuna kukhala nzika. Mfundo yomalizayi simungaimvetse mukaiwala Angerezi aja. Kudali kuwauza kuti ngati mukufuna zilembo zathu, khalani mmodzi wa ife. Lamuloli silidaletse munthu wopanda chiphaso kugwira ntchito ya mabuku. Lidangoteteza dzina lokha basi.

Tsopano mverani izi. Amene adali kale pa ntchitoyi adaloledwa kulandira chiphaso osalemba mayeso. Chiphaso nambala 1 chidapita kwa Frank Broaker, mmodzi mwa amene adalimbikira kuti lamuloli lidutse, ndipo iyeyo mayeso sadalembe. M'malo mwake adali m'gulu la anthu atatu okonza mayesowo, pamodzi ndi Charles Waldo Haskins ndi Charles Sprague. Mayeso oyamba adalembedwa mu Disembala 1896, ndipo mmodzi mwa oyamba kukhoza adali Joseph Hardcastle, bambo wobadwira ku England amene adali atatsala pang'ono kukwanitsa zaka 70. Chaka chotsatira Broaker adatulutsa buku la mafunso a mayeso aja pamodzi ndi mayankho ake n'kumagulitsa, ndipo sipadapite nthawi, adamuchotsa m'gulu la okonza mayeso. Ife aphunzitsi nkhani yotereyi sitifuna womasulira. Wokonza mayeso akayamba kugulitsa kabuku kake ka mayankho, tonse timadziwa kumene zikupita.

Zigawo zina zidatsatira: Pennsylvania mu 1899, Maryland mu 1900, California mu 1901, Illinois mu 1903, mpaka m'zaka zoyambirira za m'ma 1920 dziko lonse lidali ndi malamulo otere. Apa pali chinthu chimene chimasokoneza anthu ambiri akunja. Palibe chiphaso cha CPA cha dziko lonse la Amereka. Chigawo chilichonse chili ndi bodi yakeyake, ndipo lero mabodi otere alipo 55, kuphatikizapo a mzinda wa Washington ndi zilumba monga Guam ndi Puerto Rico. Poyamba chigawo chilichonse chinkakonzanso mayeso akeake, ena ovuta, ena ophweka ngati a sitandade 5. Mu 1917 bungwe la ma akauntanti, limene lero limatchedwa AICPA, lidayamba kukonza mayeso amodzi oti zigawo zizigwiritsa ntchito zikafuna. Zidatenga mpaka 1952 kuti zigawo zonse zivomere. Ganizirani MSCE ikadakhala kuti Mzimba ili ndi pepala lake, Nsanje lakenso, koma satifiketi dzina limodzi.

Mayi woyamba kulandira chiphasochi adali Christine Ross, wobadwira ku Nova Scotia m'dziko la Canada. Iye adakhoza mayeso a New York mu Juni 1898, koma chiphaso adachilandira mu Disembala 1899. Miyezi yonseyo akuluakulu ankakambirana ngati n'koyenera kupereka chiphaso kwa munthu wamkazi. Lamulo silidanene kalikonse za amayi. Olisunga ndi amene adazengereza.

Kulemera kwenikweni kwa chiphasochi kudabwera ndi mavuto. Mu 1913 boma lalikulu lidayamba kudula msonkho pa ndalama zimene anthu amapeza, ndipo mabizinesi adayamba kufuna anthu odziwa mabuku. Kenaka mu Okutobala 1929 msika wa masheya wa New York udagwa, anthu wamba n'kutaya ndalama zimene adasunga moyo wawo wonse. Mu 1932 Ivar Kreuger wa ku Sweden, amene ankatchedwa mfumu ya machesi, adapezeka atafa ku Paris, ndipo zidadziwika kuti makampani ake, amene Aamereka ambiri adaikamo ndalama, adamangidwa pa mabuku abodza. Nyumba ya malamulo idakwiya. Malamulo a 1933 ndi 1934 adalamula kuti kampani yogulitsa masheya kwa anthu mabuku ake azifufuzidwa ndi akauntanti woima payekha.

Pokambirana lamulo la 1933 aphungu ena adaganiza zoti ntchito yofufuzayi izigwiridwa ndi ma odita a boma. Amene adapita kukawatsutsa ndi Arthur Carter, mkulu wa kampani ya Haskins & Sells yemwenso ankatsogolera bungwe la ma CPA a ku New York. Senator Alben Barkley adamufunsa kuti, nanga inuyo amakufufuzani ndani? Carter adayankha kuti chikumbumtima chathu. Aphungu adavomera, ntchito idatsala m'manja mwa makampani a ma akauntanti. Kuyambira pamenepo chiphaso cha CPA chidasanduka munda wachonde, chifukwa lamulo lenilenilo linkabweretsa makasitomala pakhomo. Funso la Barkley lija mulisunge, tilipezanso kutsogoloku.

Chikumbumtimacho chidayesedwa msanga. Mu 1938 zidaululika kuti kampani yogulitsa mankhwala ya McKesson & Robbins idalemba m'mabuku mwake katundu ndi ngongole zoti ilandire za ndalama pafupifupi madola 19 miliyoni zimene kunalibe. Mkulu wake, amene ankadzitcha F. Donald Coster, adali Philip Musica, munthu amene adamangidwapo kale chifukwa cha chinyengo. Nyumba zosungiramo mankhwala zimene ankati zili ku Canada zidali za papepala chabe. Ma odita a Price Waterhouse ankaona mapepala onse ali bwinobwino, koma palibe amene adapita kukaona katunduyo ndi maso. Chaka chotsatira eni ntchito adagwirizana kuti odita azipita yekha kukaona katundu akuwerengedwa, ndiponso azilembera makalata anthu amene akuti ali ndi ngongole kuti atsimikize. Izi zikutionetsa chifukwa chake nkhani yogwira ntchito pansi pa katswiri ili ndi nzeru ndithu. Pali zinthu zimene munthu saziphunzira pa desiki. Kudziwa kuti risiti iyi yayera mopitirira muyeso, kapena kuti bwana uyu akuyankha mofulumira kwambiri, zimabwera poyenda ndi munthu amene adanamizidwapo.

Koma lamulo loti uyambe wagwira ntchito pansi pa CPA lili ndi mbali ina. Mayeso amalembedwa pa nambala, wochonga sakuona nkhope. Digiri, ngakhale movutikira, munthu atha kuipeza. Pamene kugwira ntchito pansi pa CPA kumafuna kuti CPA wina akulembe ntchito, ndiye kuti kiyi wa chipata ali m'thumba la munthu amene ali kale mkati. Iye akakana, palibe kokadandaula. Ndipo ku Amereka, kwa zaka zoposa makumi asanu, makampani a ma akauntanti a azungu ankakana kulemba ntchito anthu akuda. Chifukwa chimene ankapereka kawirikawiri n'chakuti makasitomala awo sangalole munthu wakuda kuwaonera mabuku. Choncho lamulo silidafunike kutchula khungu la munthu. Linkangoti bweretsa umboni wa zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo umboniwo kudalibe koutenga.

Munthu wakuda woyamba kulandira chiphasochi adali mphunzitsi wa sekondale ngati ine ndemwe, ndipo mundikhululukire ndikakhalitsa pa iyeyu. Dzina lake John Wesley Cromwell Jr. Adamaliza maphunziro ake ku Dartmouth College mu 1906 ali mmodzi mwa ochita bwino kwambiri, n'kuwonjezera digiri yachiwiri chaka chotsatira. Adabwerera kwawo ku Washington kukaphunzitsa masamu pa sukulu ya ana akuda imene idadzatchedwa Dunbar High School. Za ma akaunti adadziphunzitsa yekha. Koma mumzinda wa Washington mudalibe lamulo la CPA pa nthawiyo, ndipo zigawo zozungulira zinkafuna umboni uja wa kuntchito. Munthu wa masamu akuthwa chonchi adadikira zaka pafupifupi 15. Mwayi udapezeka ku New Hampshire, chigawo chimene kuli koleji yake ija, kumene lamulo lidalola munthu kulemba mayeso popanda umboni wa kuntchito. Adapita, adalemba, adakhoza mu 1921. Apa n'kuti patapita zaka 25 chikhazikitsireni chiphasochi. Atachipeza adabwereranso m'kalasi kukagwira choko, uku akusunga mabuku a matchalitchi, malesitilanti ndi mabizinesi ang'onoang'ono a anthu akuda, mpaka mu 1930 pamene adakhala woyang'anira chuma pa Howard University.

Nkhani ya Theodora Rutherford ndiye yowawa koposa. Mayiyu adapeza digiri yachiwiri ya ma akaunti ku Columbia University mumzinda wa New York mu 1924. Sukulu adali nayo yoposa ya ma CPA ambiri a nthawiyo, poti New York yeniyeniyo idayamba kufuna digiri ya ku koleji mu 1938. Koma palibe kampani idamulemba ntchito. Adapita kukaphunzitsa pa koleji ya anthu akuda ku West Virginia, ndipo chiphaso adadzachipeza mu 1960, chigawocho chitafewetsa lamulo lake la umboni wa kuntchito. Werengani nokha zaka zimene zidadutsa pakatipo. Ana amene adabadwa chaka chimene iye adamaliza sukulu adali ndi ana awoawo a ku sekondale.

Popeza chipata chidali m'manja mwa amene ali mkati, njira yokhayo idali yoti wakuda mmodzi akalowa, agwire chitseko kuti anzake adutse. Izi zidachitika kwambiri ku Chicago. Arthur J. Wilson, amene adapeza chiphaso mu 1923, adaphunzitsa ntchito mtsikana wina dzina lake Mary T. Washington, ndipo mu 1943 iyeyu adakhala mayi wakuda woyamba kukhala CPA. Mayi Washington adayambira bizinesi yawo m'chipinda chapansi cha nyumba yawo, ndipo achinyamata akuda ankachoka m'zigawo zakutali kudzagwira ntchito kwa iwo kuti apeze siginecha ija. Mwa njira imeneyi Chicago idakhala ndi ma CPA akuda ambiri kuposa mzinda wina uliwonse. Komabe dontho ndi dontho chidebe chimachedwa kudzaza. Pofika 1965, chaka chimodzi chitadutsa lamulo lalikulu loletsa tsankho pa ntchito, ma CPA akuda m'dziko lonse adali atangokwana 100. Mu 1969 Bert Mitchell, yemwenso adali CPA wakuda, adawerenga n'kupeza kuti pa ma CPA pafupifupi 100,000, akuda adali pafupifupi 150. Chaka chomwecho anthu asanu ndi anayi adakumana ku New York n'kuyambitsa bungwe la National Association of Black Accountants. Amene akufuna nkhani yonse ya anthu amenewa, Theresa Hammond adailemba m'buku lake la 2002 lotchedwa A White-Collar Profession.

Ndikamawerenga zimenezi ndimakumbukira malonda a ntchito a m'nyuzipepala zathu, aja amati wofunsira akhale woti adagwirapo ntchitoyi zaka zitatu. Mwana wangomaliza kumene sukulu, zaka zitatuzo akazitenga kuti ngati aliyense akufuna zomwezo? Kwathu kuno si nkhani ya khungu, koma kapangidwe ka msampha n'kofanana: amene ali ndi malume mu ofesi amazipeza zakazo, mwana wa mlimi amangozungulira ndi envulopu yake ya khaki.

Tsankho la poyera litayamba kuchepa, mpanda udakwera mbali ina, ya sukulu. Digiri ya zaka zinayi ku Amereka amaiwerengera kuti ndi maola 120. Awa si maola a pa wotchi, ndi muyeso wa maphunziro amene munthu wamaliza, phunziro limodzi la teremu imodzi nthawi zambiri limakhala maola atatu. Kuyambira m'ma 1960 akuluakulu a ntchitoyi ankanena kuti malamulo a misonkho ndi a kasungidwe ka mabuku achuluka, zaka zinayi sizikukwanira. Florida idayamba kufuna maola 150 mu 1983. Mu 1988 mamembala a AICPA adavota kuti aliyense wolowa m'bungwe lawo chikadutsa chaka cha 2000 akhale ndi maola 150, ndipo pang'onopang'ono zigawo zonse zidatsatira. Kunena mwachidule, chaka chachisanu cha ku koleji. Posinthana ndi chaka chimenechi, zigawo zambiri zidatsitsa nthawi ya kuntchito kufika chaka chimodzi.

Chodabwitsa n'chakuti m'zigawo zambiri lamulo silidanene kuti maola 30 owonjezerawo akhale a phunziro lanji. Wina ankachita digiri yachiwiri ya ma akaunti, wina ankangotola maphunziro alionse otchipa kuti nambala ikwane. Ine monga mphunzitsi sindingadane ndi sukulu, koma sukulu imene cholinga chake n'kukwanitsa nambala ndimaikayikira. Chaka chachisanu chili ndi mtengo wake pawiri: fizi imene ukulipira, ndi malipiro a chaka chonse amene sukulandira. Mwana wa m'banja lopeza bwino sazimva. Mwana amene ndi woyamba m'banja mwake kufika ku koleji, amene azing'ono ake akudikira kuti ayambe kuthandiza pakhomo, amaziwerengera kawiri. Katswiri wina wa zachuma, John Barrios, adafufuza nkhaniyi n'kupeza kuti lamulo la maola 150 lidachepetsa olemba mayeso koyamba ndi pafupifupi 15 pa 100 alionse, koma sadapeze umboni woti amene adalowa pambuyo pake adali akatswiri kuposa akale. Kafukufuku wina wa Andrew Sutherland wa ku MIT ndi anzake adaonetsa kuti kuchepako kudali kwakukulu pakati pa akuda ndi mitundu ina yochepa kusiyana ndi azungu. Palibe amene adalemba lamuloli ndi cholinga chimene adali nacho makampani a m'ma 1930. Koma amene adatsala kunja adali ofananako.

Nanga mpanda wautaliwu udateteza anthu? Mu Disembala 2001 kampani ya Enron ya ku Houston idagwa, itabisa ngongole zake m'timakampani tapambali. Amene ankafufuza mabuku ake adali Arthur Andersen, imodzi mwa makampani asanu akuluakulu a ma akauntanti pa dziko lonse. Anthu amene ankasainira mabuku a Enron adali ndi madigiri, adakhoza mayeso, adagwira ntchito pansi pa akatswiri zaka zambirimbiri. Zofunika zonse zitatu adali nazo. Vuto lidali lakuti Enron inkawalipira ndalama zankhaninkhani, zina za kufufuza mabuku, zina za ulangizi, ndipo galu saluma dzanja lomupatsa nsima. Mu Juni 2002 khoti lidapeza kampani ya Andersen yolakwa pa mlandu wosokoneza chilungamo chifukwa chong'amba mapepala, ndipo idabweza ziphaso zake. Khoti lalikulu lidadzafafaniza chigamulocho mu 2005, koma n'kuti kampaniyo itatha kale, anthu zikwizikwi atachotsedwa ntchito. Mu Julaye 2002 lamulo la Sarbanes-Oxley lidakhazikitsa bungwe la PCAOB loti lizifufuza ntchito ya ma odita a makampani ogulitsa masheya. Funso lija la Senator Barkley lidayankhidwa patapita zaka 69.

Pali kankhani kena kamene sindingakasiye, poti ndife anthu oyang'anira mayeso. Zigawo zambiri zimafuna kuti munthu alembenso mayeso apadera a chikhalidwe choyenera pa ntchito, ndipo akalandira chiphaso azichitabe maphunziro owonjezera, kawirikawiri maola 120 pa zaka zitatu zilizonse. Mu 2022 bungwe la boma loyang'anira misika ya masheya lidalipiritsa kampani ya Ernst & Young chindapusa cha madola 100 miliyoni, chifukwa antchito ake ena ankapatsana mayankho a mayeso amenewa. Inde, likasa pa mayeso a kukhulupirika. Ndikawauza ana a Fomu 4 nkhaniyi amaseka mpaka misozi.

Mayeso enieni a CPA asintha kangapo. Kale ankalembedwa pa pepala kawiri pa chaka, mu Meyi ndi mu Novembala, anthu mazanamazana atadzaza m'maholo kwa masiku awiri ndi theka. Mu 2004 adasamukira pa kompyuta, ndipo mu 2011 adayamba kulembedwanso kunja kwa Amereka, m'maiko monga Japan ndi United Arab Emirates. Kuyambira 2024 munthu amalemba mapepala atatu okakamiza, la kufufuza mabuku, la kakonzedwe ka malipoti a ndalama, ndi la misonkho ndi malamulo, kenaka amasankha limodzi mwa mapepala atatu apadera. Pepala lililonse ndi la maola anayi ndipo kukhoza ndi 75. Ukakhoza pepala loyamba wotchi imayamba kuyenda. Kale unkayenera kumaliza onse pa miyezi 18, apo ayi loyamba lija limafa. Mu 2023 bungwe la mabodi a zigawo lidalangiza kuti nthawiyi ikhale miyezi 30, ndipo zigawo zambiri zidavomera. Pa zofunika zitatu zija, ine ndimaona kuti mayesowa ndi amene akhala achilungamo kuposa zinzake. Ndi ovuta, pa mapepala ena pafupifupi theka la olemba amalephera, koma amavutira aliyense mofanana. Cromwell sadapemphe kuti amufewetsere mafunso. Adangofuna kuti amulole kukhala pa desiki.

Chimene chidagwetsa lamulo la maola 150 si chisoni ayi, ndi kusowa kwa antchito. Pofika m'ma 2020 ma CPA ambiri adali okalamba, akupuma pa ntchito, ndipo achinyamata ankathawira ku ntchito za makompyuta ndi za mabanki, kumene malipiro oyambira ndi okwera ndipo chaka chachisanu sachifuna. Makampani ena adafika pochedwa kutulutsa malipoti awo a ndalama n'kumanena poyera kuti alibe ma akauntanti okwanira. Mabungwe a ma CPA m'zigawo, amene zaka 30 zapitazo ankakakamiza aphungu kuti akweze mpanda, adabwereranso kwa aphungu omwewo kukapempha kuti autsitse. Mu Januwale 2025 Ohio idasainira lamulo lotsegula njira ina, Virginia idatsatira, ndipo chisanathe chakacho zigawo zambiri zidachita chimodzimodzi. Mu Meyi 2025 AICPA, imene idayambitsa za maola 150, pamodzi ndi bungwe la mabodi a zigawo, idasintha lamulo lachitsanzo limene zigawo zimatengera.

Njira ya maola 150 ikadalipo kwa amene akuifuna, ndipo iwo amagwira ntchito chaka chimodzi pansi pa CPA. Njira yatsopanoyi imati digiri ya zaka zinayi ya ma akaunti, mayeso omwe aja, ndi zaka ziwiri za kuntchito m'malo mwa chimodzi. Kwa mwana wosauka uku n'kupepukidwa kwenikweni, chifukwa chaka chimene akadalipira fizi tsopano azilandira malipiro. Zigawo zambiri masiku ano zimavomeranso ntchito ya m'boma, ya m'kampani wamba ngakhale yophunzitsa pa koleji, zimene Theodora Rutherford akadapindula nazo mu 1924. Koma fomu yotsimikizira zaka ziwirizo ikadali ndi mzere pansi pake, ndipo woyenera kusaina pamzerepo ndi munthu amene ali nacho kale chiphaso.